Kukakhala kumapiri a Tsangano: chaka chimayenda bwanji kumeneko?

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 58, ndimagwira ntchito mu Limbe ndipo chaka chamawa ndikupuma. Mayi akunyumba kwawo ndi kumapiri a Tsangano ku Ntcheu, mudzi wa kutali ndi msewu waukulu, ndipo malemu amayi awo anawasiyira munda ndi dimba. Tikuganiza zogulitsa nyumba yathu ya ku Bangwe kuti tikamange kumeneko. Ineyo ndinakulira m'tauni, kumudziko ndimangopitako pa maukwati ndi pa maliro. Ana akuti tikafa ndi kuzizira. Kodi moyo wa tsiku ndi tsiku kumeneko umakhala wotani kuyambira Januwale mpaka Disembala?

YANKHO: Bambo, ana anuwo akuopa chinthu chaching'ono. Kuzizira kuli ndi mankhwala ake: bulangete, nkhuni ndi nyumba yomangidwa pamalo oyenera. Njalanso si imene ingakuthamangitseni, chifukwa dera limenelo ndi limene limatumiza mbatata ya kachewere, kabichi ndi nyemba m'misika ya Blantyre ndi Lilongwe. Chimene ndinaona chikubweza anthu ochokera m'tauni, nthawi imene ndinali mlangizi wa zaulimi m'madera a mapiri, ndi katundu ndi njira. Pamudzi wa paphiri, chilichonse chimene mudzadye, kumwa, kuotha kapena kugulitsa chiyenera kukwera kapena kutsika, nthawi zambiri pamutu pa munthu, ndipo kwa miyezi itatu kapena inayi pachaka msewu umene mukuudalira umatsala dzina lokha. Maukwati amachitika m'chilimwe, galimoto ikufika mpaka pakhomo, ndipo pa maliro mumagona usiku umodzi n'kubwerera. Mudziwo mwauona utatchena.

Midzi imeneyo ili pa mtandadza wa mapiri a Kirk Range, umene umatsata malire a Malawi ndi Mozambique kuchokera cha ku Dedza, kudutsa Ntcheu, mpaka kukafika ku Neno. Malirewo amayenda pamsana pa mapiri: mvula yogwa chakuno imatsikira ku Shire ndi kunyanja, yogwa tsidya linalo imapita ku Zambezi. Tsidya linalo nakonso kuli boma lotchedwa Tsangano, m'chigawo cha Tete, moyandikana ndi Angonia, ndipo anthu ake ndi amodzimodzi, Angoni a kwa Maseko ndi Achewa, okwatirana, ogulana malonda ndi kuikirana maliro. Midzi yambiri ili pamtunda wa mamita 1,500 kapena kuposerapo. Munthu akamakwera, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse, n'chifukwa chake usiku umene wa ku Balaka akugona pakhonde pothawa kutentha, wa ku Tsangano amafunda bulangete.

Kuzizira kumene ana akunenako kumayamba mu Meyi, n'kufika pachimake mu Juni ndi Julayi, ndipo usiku kumatsika pansi pa madigiri 10 kawirikawiri. M'mawa wa Julayi pakhomo pamadzukidwa mochedwa. Nkhungu imakhala itakuta chigwa chonse moti nyumba ya mnansi imangodziwika ndi kulira kwa tambala. Mbuzi sizitsekuliridwa mpaka mame atauma. Agogo amatulutsa kampando n'kukatsamira khoma loyang'ana kum'mawa kudikira dzuwa, ana ali mbuu, mapazi atang'ambika, akulimbirana malo pa moto wa zitsononkho, ndipo madzi osamba palibe amawayandikira asanafunditsidwe. Masiku ena kumabwera chiperoni, kamvula kowaza kochokera kum'mwera chakum'mawa, kamene kamatha masiku atatu kapena anayi dzuwa osaoneka. Zovala siziuma, chimanga chimene munayanika chimafewanso, ufa umagwirana m'thumba.

Chisanu chenicheni, chija chowaula mbewu, chimagwa usiku wopanda mitambo ndi mphepo. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndiye umatsetsereka m'mapiri n'kukaunjikana kumadambo. Mukalawirira mupeza udzu wa kudimba uli mbee, ndipo pofika masana masamba a mbatata, tomato ndi nyemba ada ngati wina wawathira madzi owira. Kabichi ndi anyezi zimapirira. Eni mudzi amawadziwa madimba amene amagwa chisanu chaka ndi chaka, ndiye mukafunse za la mayiwo musanagule mbewu.

Zomwezi zikuuzani pomanga nyumba. Kunsi kwenikweni n'kozizira ndi konyowa. Pamsonga pa phiri mphepo sikupatsani mpata ndipo imasasula madenga. Pabwino ndi pakatikati, pa kamtunda kosatsetsereka kwambiri, pamene dzuwa la m'mawa limafika msanga, khomo litafulatira mphepo. Obwera kuchokera m'tauni amakonda chinyumba cha mawindo akuluakulu ndi malata opanda siling'i. Nyumba yotere mu Julayi sigoneka, ndipo mbandakucha malata amadontheza madzi pa bulangete. Ikani siling'i, ngakhale ya mphasa kapena nsungwi, ndipo zipinda zogona zikhale zazing'ono. Makolo aja omanga nyumba zozungulira, zofolera ndi udzu wochindikala, ankadziwa chimene akuchita. Chonde mbaula ya makala isagone nanu m'chipinda chotseka. Mpweya wake suoneka, sununkha, koma umapha banja lonse lili m'tulo. Matenda a nyengo imeneyi ndi chibayo, makamaka kwa makanda ndi okalamba, komanso zilonda za moto kwa ana ogwera pa mafuwa.

Musaganize kuti poti ndi kumapiri nkhuni zili mbwee. Mitengo yachilengedwe, mombo, tsamba ndi misuku, inatha kalekale m'malo ambiri, mapiri anasanduka minda mpaka pamwamba. Mabanja ambiri amaphikira mapesi ndi zitsononkho, ndipo amene amagona tulo ndi amene ali ndi kamunda ka bulugamu kapena paini. Ngati mwatsimikiza zopita, mitengo ndi imene muyenera kuyamba kudzala, musanaumbe ndi njerwa imodzi yomwe, mutapempha kaye eni malo. Bulugamu akhale kutali ndi kasupe, amamwa madzi kwambiri.

Nyengo yozizirayi si yopuma. Chimanga kumapiri chimachedwa kukhwima chifukwa cha kuzizira komweko; a kuchigwa akamakolola mu Epulo, kumeneko chikadali chachiwisi m'munda, ndipo kukolola kumalowa mu Juni, ena mpaka Julayi. Kenaka pali mbewu zimene zinadzalidwa mvula ikupita kumapeto, cha mu Malichi, podalira chinyontho chotsalira ndi chiperoni: mbatata yachiwiri, nyemba, nsawawa ndi tirigu. Tsangano ndi Neno ndi ena mwa malo ochepa m'dziko muno kumene alimi ang'onoang'ono amalima tirigu wosathirira. Amakongola m'munda, koma akayamba kukhwima wina ayenera kukhala pamsanja kuingitsa mbalame kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akamwetedwa amapunthidwa ndi ndodo pabwalo, ndipo msika wake ndi wosadalirika chifukwa makampani ogaya ufa wa buledi amaitanitsa tirigu wawo wambiri kunja. Ine ndingati limani kandime kochepa ka pakhomo basi. Udzu wofolera nawonso umamwetedwa miyezi yomweyi, moto usanayambe.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala msewu ndi wanu. Malole amakwera, mavenda amadzaza, misika imachita phokoso. Munthu wodziwa amagwiritsa ntchito miyezi itatu imeneyi kukweza chilichonse cholemera chimene adzachifune mpaka Epulo: feteleza, simenti, malata, mchere, sopo, mafuta ophikira, mankhwala opopera. Feteleza wobwera mu Disembala, kaya wa sabuside kaya wogula nokha, amathera pa sitolo ya kumsika, ndipo thumba lililonse la makilogalamu 50 limakwera phiri pamutu pa munthu amene mudzamulipire. Njerwa zimaumbidwa ndi kuotchedwa nthawi yomweyi, madenga kufoleredwa, khola la mbuzi kukonzedwa. Kholalo likhale lam'mwamba, chifukwa afisi akadalipo, ndipo mbuzi zogona pamatope zimaola ziboda. Nkhuku zilandire katemera wa chitopa, uja wa I-2 wodonthezera m'diso, kutentha kusanafike, chifukwa chitopa chikalowa chimasesa mudzi wonse. Ndi nyengonso ya maukwati, ziliza, mowa wa masese, ngoma, ndi mwambo wa Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko umene umachitikira ku Nkolimbo, kwa Inkosi ya Makhosi Gomani. Anyamata osaka mbewa amatentha tchire, choncho lambulani kuzungulira nyumba, nkhokwe ndi kamunda ka mitengo.

Nanga madzi? Kasupe amakhala kumunsi, nyumba kumtunda. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo banja lophika, kusamba, kuchapa ndi kumwetsa ziweto limafuna ndowa zingapo patsiku. Mu Okutobala akasupe apafupi amaphwa, ulendo umatalika, ndipo amayi amalawirira kukadali mdima kukaima pamzere kuchitsime. Kunyumba kwanuko adzasenze ndani? Mayi anachoka kumeneko ali mtsikana. Khosi lozolowera mpopi wa m'tauni zaka zonsezi si lija ayi. Denga la malata la masikweya mita 50, kudera kumene kumagwa mvula ya mamilimita 1,000 pachaka, limatsitsa malita 50,000. Ndiye pa ndalama zanu za penshoni, magatala ndi thanki ziyambe, sofa ndi matailosi zibwere pambuyo.

Dimba limene mayi anasiyiridwalo ndilo chuma chenicheni pa zonse mwatchulazi. Chisanu chikadutsa mumalowa mbatata yachitatu, kabichi, tomato, anyezi, kaloti ndi chimanga chachiwisi, zothirira ndi makheni kapena ngalande yopatutsa kumtsinje. Zimenezi zimacha mvula isanayambe, lole ikadafika, ndipo n'zimene zimagula feteleza ndi kulipira fizi. Mapichesi nawo amapsa kumapeto kwa chilimwe, ana n'kumayenda nawo m'matumba a yunifolomu.

Kumunda wa kumtunda miyezi imeneyi ndi ya kusosa ndi kugalauza mizere. Pamalo otsetsereka, mzere wopendekera kumunsi ngakhale pang'ono umasonkhanitsa madzi a munda wonse n'kuphulika pamalo amodzi, ndipo mvula zingapo zokha zimakusiyirani chigwembe chofika m'chiuno. Pemphani alangizi akuthandizeni kuika akalozera ndi chingwe ndi levulo, mudzale vetiva pa akalozerapo, ndipo mizere muitseke ndi ngonyeka. Mapesi otsala ku nkhuni musatenthe, akwirireni. Ndimalimbikira pa izi chifukwa feteleza amene mwavutika kumukweza phiri ndi amene amayamba kukokoloka.

Ndiyeno mvula imayamba, cha kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Paja amati walira mvula walira matope, koma matope a kumapiri ndi ena. Dothi la katondo likanyowa limaterera moti lole imodzi ikakanika pachitunda, zonse za m'mbuyo mwake zimagona pomwepo. Timitsinje timene munkangodumpha mu Seputembala timadzaza m'kanthawi kochepa mvula ikagwa kumtunda, ngakhale pamene mwaimapo pasanagwe ndi dontho lomwe, ndipo timaphwanso pakapita maola angapo. Lamulo la kumeneko n'lakuti mtsinje ukadzaza umadikiridwa. Okokoloka kawirikawiri ndi alendo ndi oledzera. Masiku otere ana amajomba kusukulu, ndipo mphunzitsi wokhala tsidya lina nayenso sabwera. Msewu wa Tsangano–Neno–Mwanza wakhala m'malonjezo a andale kwa zaka zambiri, koma ngakhale utaikidwa phula wonse sudzafika pakhomo panu. Makilomita omaliza aja adzakhalabe a miyendo ndi njinga yamoto. A kabaza amakweza mtengo m'dzinja, ndipo mukaona mmene amatsikira zitunda zimenezo simungawadzudzule.

Chigayo chimayendera dizilo, dizilo amabwera ndi msewu womwewo. Amayi odziwa amagayitsiratu ufa wambiri mu Novembala, dzuwa loyanikira likadalipo, chifukwa mphale yonyika mu Januwale imavuta kuuma. Mtondo ndi munsi musazione ngati zachikale.

Tsiku la mu Januwale limayamba kusanache: kupalira, kubandira, kuthira feteleza wachiwiri, kukwezera mbatata, zonse mothamanga mvula ya masana isanafike. Madzulo ndi kumangirira mbuzi, kuwamba zovala pa moto ndi kutsutsana ndi nkhuni zonyowa zimene zimangofuka. Ngati munda wanu uli m'mphepete mwa thengo, chimanga chikayamba kubereka mudzadziwana ndi anyani masana ndi nguluwe usiku, ndipo wina pakhomopo adzakhala wa kumsasa.

Ndalama ya kumeneko ndi mbatata ya kachewere, ndiye apa ndichedwepo. Mbewu yokha ya ekala imodzi ndi makilogalamu pafupifupi 800, matumba 16, ndipo ngati simunasunge yanu, imeneyo ndi ndalama yaikulu musanagwire khasu. Alimi ambiri amadzala Rosita ndi Violet, mitundu yakale imene ogula anaizolowera. Palinso ina monga Chuma, Thandizo ndi Zikomo imene a zakafukufuku anatulutsa, yopirirako ku matenda. Mdani wamkulu m'dzinja ndi chiwawu. Chimakonda nyengo yeniyeni ya kumapiri, yozizira, ya nkhungu, masamba osauma. Chimayamba ndi timadontho takuda tonyowa m'mphepete mwa tsamba, kunsi kwake kuli tinkhungu toyera tooneka m'mamawa, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri munda wonse wapserera, ukununkha. Mankhwala monga Dithane amateteza, sachiza, choncho amapoperedwa matenda asanaoneke, n'kumabwereza pafupifupi sabata iliyonse mvula ikamagwa mowirikiza. Tsono ganizirani sipuleya ya malita 16 kumsana, pamunda wotsetsereka woterera, madzi ake otunga kumtsinje. Imeneyo ndi ntchito ya mnyamata, ndipo mnyamatayo amafuna malipiro, magolovesi ndi chotseka pakamwa.

Matenda ena ndi aja ofotetsa. Phando limafota dothi lili lonyowa, ndipo mukadula mbatata yake muona mkombero wofiirira m'kati ndi timafinya toyera. Amenewa alibe mankhwala, amabwera ndi mbewu yogula pamsika, ndipo amakhala m'dothi kwa zaka. Musabwereze mbatata kapena tomato pamalo amodzi chaka ndi chaka. Sinthanitsani ndi chimanga kapena tirigu, ndipo mbewu mukagule kwa mlimi amene munda wake munauona ndi maso anu uli wauwisi. Yosunga nokha muiyale pa thandala m'kanyumba kolowa mphepo ndi kuwala koma kosalowa dzuwa, kuti iphuke timphukira tatifupi tolimba.

Tayerekezani kuti zonse zayenda bwino, ekala yakupatsani matani 4. Amenewo ndi matumba 80, ndipo akhwima mu Febuluwale kapena Malichi, aliyense akukumba, msewu nawo utaipiratu. Mbatata yokumba m'dothi lonyowa sichedwa kuola, ndiye simungaisunge kudikira mtengo. Venda amene walimba mtima kukwera ndi lole amazidziwa zimenezi. Amabwera ndi matumba ake osokerera kukamwa, otenga thumba limodzi ndi theka kapena kuposa, n'kutchula mtengo wa thumba limodzi, ndipo mukakana akuuzani kuti mnzanu wa kuseri kwa phiri wavomera kale. Kuti mukagulitse nokha pa Tsangano Turn-off kapena ku Lizulu, pa msewu wa M1, muyenera kulipira osenza, ngolo kapena njinga zamoto, phindu n'kuthera m'njira. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti mbatata ya dzinja ikhale yochepa, yodya ndi yosungira mbewu, mphamvu zambiri zipite ku ija yokolola mu Juni ndi Julayi ndi ya kudimba, zimene zimatsika msewu uli wouma.

Kwa anthu a msinkhu wanu, chimene chimandidetsa nkhawa m'dzinja ndi kudwala. Malungo alipo, ngakhale udzudzu ndi wochepa kusiyana ndi kuchigwa, ndiye neti musaisiye. Koma chachikulu ndi mtunda. Munthu akadwala mwakayakaya usiku wa mvula, ambulansi singafike. Amuna a m'mudzi amadula mitengo iwiri, kumangapo bulangete kapena mpando, n'kumunyamula pamachila mosinthana mpaka pamene galimoto ingafike. Amayi oyembekezera amatsika masiku awo asanakwane kukakhala kuchidikiro cha chipatala pa chifukwa chomwechi. Kwa Dambe ku Neno, m'mapiri omwewa, anachita kumangako chipatala mothandizidwa ndi bungwe la Partners In Health, limene kumeneko amalitcha Abwenzi Pa Za Umoyo ndipo lakhala m'bomalo kuyambira 2007, chifukwa odwala ankavutika kufika pa boma. Ngati inu kapena mayi mumamwa mankhwala a BP, shuga kapena ma ARV, kambiranani ndi achipatala mu Novembala za kulandira a miyezi ingapo. Ndipo dziwani kuti machila aja sagulidwa. Amanyamula munthu amene nayenso amaoneka kumanda pokumba, pa dima la mnzake ndi pa ntchito yokonza mlatho. Mukakafika n'kudzitsekera mumpanda wa njerwa ndi geti monga muchitira ku Bangwe, adzakunyamulanibe poti ndi anthu, koma mudzamva mawu.

Za kugumuka kwa mapiri inu a ku Blantyre simufunika kuuzidwa. Munaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mu Malichi 2023, ndipo a ku Phalombe saiwala za 1991. Posankha malo yang'anani kumtunda kwanu. Ngati pali khwawa loloza pamene mukufuna kumangapo, kapena miyala ikuluikulu ili mbwee pamalo athyathyathya kukamwa kwa khwawalo, dziwani kuti inabwera ndi madzi, ndipo tsiku lina madziwo adzadutsanso. Funsani agogo a m'mudzimo kumene napolo anadzerapo. Kumtunda kwa nyumba kumbani ngalande yopatutsa madzi, ndipo chimbudzi chikhale kumunsi kwa nyumba koma kutali ndi kasupe.

Njala ya Febuluwale kumapiri ndi yamtundu wake. Nkhokwe zimatha monga kwina kulikonse, ndipo chimanga chatsopano chimachedwa kuposa kwina, koma mbatata, nyemba zaziwisi, nkhwani ndi bowa zimakhalapo. Banja limatha sabata likudya mbatata yophika ndi nyemba, likudandaula kuti "sitinadye" chifukwa nsima sinaoneke. Pa masika, Epulo ndi Meyi, sindichedwapo: maungu, mondokwa, msewu ukuuma, kumwamba kuli kowala. Nyengo imeneyo sifuna uphungu.

Usiku ndi wautali nyengo zonse. Magetsi m'midzi ya kutali mulibe, ndiye sola ya mababu atatu ndi potchajira foni njofunika, ndipo sabata ya chiperoni batire limafooka. Netiweki ili ndi malo ake, pachulu chakuti kapena pansi pa mtengo wakuti, ndipo nthawi zina foni imakoka ya ku Mozambique. Pofika 8 koloko mudzi wonse uli zii. Ena amazikonda zimenezi. Ena, makamaka abambo ozolowera bawo ndi anzawo komanso mpira wa pa kanema, amayamba kutsikira ku kachasu, ndipo ameneyo kumeneko sasowa.

Tsopano nkhani imene simunafunse. Mundawo mwati unali wa malemu apongozi anu. Ku Ntcheu, ngakhale ndi kwa Angoni, mabanja ambiri amatsata chikamwini: malo ndi a mbumba, amayenda kudzera kwa akazi, ndipo woyang'anira ndi mwinimbumba, mlongo wawo wa mayiwo kapena atsibweni awo. Inu mukakhala mkamwini, ngakhale muli ndi imvi ndi penshoni. Masiku onse amene mayi ali moyo sipakhala vuto. Koma Mulungu akayamba kutenga iwo, alipo abambo amene anauzidwa mwaulemu kuti nthawi yobwerera kwawo yakwana, n'kusiya nyumba ya malata imene anathera ndalama zawo zonse. Sindikunena kuti alamu anu ndi otero. Ndikuti mukhale pansi ndi eni mbumba pamaso pa a nyakwawa, ana anu aliponso, mugwirizane za malire a munda, za mitengo imene mudzadzale ndi za nyumbayo, ndipo zilembedwe. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo otere m'kaundula. Kafunseni ku ofesi ya malo pa boma la Ntcheu ngati ntchitoyi inafika kudera limenelo.

Nyumba ya ku Bangwe musagulitse. Ndalama ya kumapiri imabwera kawiri kapena katatu pachaka, pamene aganyu, a kabaza ndi chigayo amafuna yawo sabata iliyonse, ndipo pa zaka zanuzo ntchito zambiri zimene ndatchulazi mudzazigwira ndi thumba, osati ndi msana. Lendi ya mwezi ndi mwezi, yobwera pa Mpamba kapena Airtel Money, ndi imene idzakulimireni. Chaka choyamba mangani kanyumba ka zipinda ziwiri, limani theka la ekala ndi dimbalo. Ndipo musanasayine makalata opumira, tengani tchuthi mu Febuluwale, galimoto muisiye ku Limbe, mukwere basi mpaka pa Turn-off, mukakhale kwa alamu anu masabata awiri. Mukapite nawo kuchigayo, mukakwere nayo nokha ndowa imodzi kuchokera kukasupe, ndipo mukafunse a kabaza kuti usiku wa mvula kupita kuchipatala amatchaja zingati.